Mbewu Yofuna Njala

"Iwe Eness, kodi ndi maso anga atsopanowa akundinamiza, kapena mbewu zakozi zikufadi ndi njala?"

A Mose anali ataima pakati pa munda, dzanja limodzi likutchinga dzuwa pamphumi. Madokotala a mu Nairobi anali atangowachotsa ng'ala m'maso onse awiri, ndiye chilichonse ankachiyang'ana ngati sanachionepo chibadwire. Kwa zaka zambiri dziko lonse linali utsi wokhawokha kwa iwo. Tsopano ankatha kuima chilili mpaka miyendo kuwawa, akungoyang'ana nyerere ikukwera mtengo, kapena mitsempha ya pa dzanja lawo lomwe. Tsiku limene anawamasula bandeji anamuyang'ana mwana wawoyu nthawi yaitali, kenako n'kufunsa kuti, "Kodi iwe unakula liti?"

"Sizikufa ayi, ababa," anatero Eness akuseka, atatsamira khasu. "Chikori chimakhala choncho. Chimafuna njala."

"Chimafuna chiyani?"

"Njala."

A Mose anavula chipewa, n'kuchivalanso. "Ine ndakalamba ndi khasu m'manja ku Ntcheu uko, koma mbewu yofuna njala sindinaimvepo. Ngakhale chisoso, chimene sadzala munthu, chimathamangira pamanyowa."

Mundawo unali kuseri kwa lesitilanti ina ku Lavington, kamunda kakang'ono kofiira kotchingidwa ndi mpanda wa minga. Mwini wake anali Mama Annelies, mayi wa ku Belgium amene anakalambira ku Kenya konko. Eness kwawo anali mlangizi wa zaulimi, wa njinga yake ndi alimi ake. Koma mwamuna wake Fiskani atapeza ntchito ku bungwe lina lothandiza anthu mu Nairobi, iye anatsatira banja, n'kukhala zaka zitatu m'kanyumba kapamwamba ku Pangani, akuyang'ana zovala za eni zikuuma pa zingwe. Anyezi ankadzala m'zitini pawindo. Masiku ena ankadzipeza akulankhula ndi anyeziwo, ndipo zinkamuchititsa mantha.

Ndiye kamunda aka kanali mpweya wake. Chikori si ndiwo zimene tinazolowera ife. Masamba ake a m'munda sadya, chofunika ndi mizu. Ukaikumba mizuyo umaigoneka pozizira, kenako umaiimika mu mdima wa ndiweyani, ndipo pamutu pa muzu uliwonse pamatuluka mphukira yoyera, yolimba, yonga chimanga chachiwisi chili m'makoko ake. Anthu a kwawo kwa Mama Annelies amaifera mphukira imeneyi monga ife timafera nkhwani wotendera, ndipo chaka ndi chaka inkabwera pa ndege, mtengo wake wolilitsa.

"Chaka chino za pa ndege sindiitanitsa," Mama Annelies anali atamuuza choncho pomupatsa kiyi wa pageti la kumunda. "Mu Julaye anthu a kwathu ali ndi phwando pano. Ukandipatsa mphukira zoti zikhale m'chipinda chozizira mpaka tsikulo osaonongeka, mundawu ndi wako chaka chilichonse, ndipo ndizigula kwa iwe. Zikakanika, pamenepa ndithirapo miyala, pakhale poimika magalimoto. Koma lamulo ndi limodzi: usathiremo kanthu. Feteleza ayi, manyowa ayi. Chikori chikanenepa m'munda, mphukira yake imakhala madzi okhaokha, siichedwa kuola."

Zonsezi Eness anawafotokozera bambo ake ali mu matatu, minibasi ya kumeneko, pobwerera ku Pangani. A Mose ankangogwedeza mutu, maso ali pawindo, akudabwa ndi mitundu ya utoto wa pa magalimoto.

"Ndamva," anatero pomaliza. "Mzungu wakoyu ndi woumira. Munda wakubwereka, koma feteleza akukumana. Iwenso ukuchita manyazi kundiuza."

"Si choncho ayi, ababa!"

"Chabwino, chabwino." Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kansanza komanga mfundo. Munali chimanga cha makolo, choyera, chamaso akuluakulu. "Ichi sindisiyana nacho ndikakhala paulendo. Bwanji osadzalako kamzere kamodzi, munda uoneke kuti muli munthu?"

"Malo mulibe, ababa."

Anakalandirabe kansanzako, kuopa kuwakhumudwitsa. Atafika kunyumba anakaponya m'chitini cha tiyi chopanda kanthu, n'kuiwala.

Madzulo amenewo Fiskani anawapeza akukanganabe za njala ya mbewu, ndipo anaseka mpaka kukhala pansi.

"Musavutike naye uyu, bambo. Anzake amalima padzuwa, iye akufuna kukolola mu mdima ngati mfiti."

"Inu a Fiskani, mudzadya mawu amenewo ndi mchere," anatero Eness.

"Ine ndikungoti nkhwangwa yobwereka siichedwa kuguluka." Kenako anatembenukira kwa apongozi ake, n'kuwapatsa kaenvulopu ndi manja awiri. "Dokotala uja anati opaleshoni yatheka, koma kuti muziwerenga bwino pakufunika magalasi. Sitolo yake ndi ija ndinakuonetsani pakona. Mukasankhe okukomerani."

A Mose anawomba m'manja kuthokoza. Koma maganizo awo anali atatsalira ku Lavington, pa masamba otumbuluka aja.

Tisawaweruze msanga, abale. Mlimi wa kwathu akaona tsamba lachikasu saona tsamba, amaona maliro. Chaka cha njala chija feteleza anakwera mtengo mpaka anthu kumangomumvera pa wailesi. Chimanga cha a Mose chinaima cholekeza m'maondo, n'kusanduka chachikasu munda wonse, ndipo ngakhale mu utsi wa ng'ala uja, chikasu chimenecho anachiona. Akazi awo, mayi ake a Eness, sanafike pokolola. Kuyambira pamenepo nkhalambayi inkalota maloto amodzi okhaokha: ili ndi thumba la feteleza paphewa, ikuyenda m'mizere yosatha, ikuthira, ikuthira, thumba osatha.

Lachinayi lina Eness anapita ku Mvano, kumene amayi a ku Malawi ankakumana kupemphera ndi kudyana miseche pang'ono. A Mose anati akukasankha magalasi. Anatsika masitepe, napatsa moni mlonda wa pageti, n'kuyamba kumufunsa za feteleza. Chiswahili sankachidziwa, Chizungu chinali cha apo ndi apo, ndiye anatulutsa Chilapalapa cha ku migodi ya ku Joni chimene anali atachisunga zaka makumi. Mlondayo anangoti kakasi. A Mose anawerama, nabaya pansi ndi chala, nachita ngati akuthira kanthu, kenako anakweza dzanja pang'onopang'ono kusonyeza mbewu ikukula.

"Aaa, mbolea!" anafuula mlondayo. Anawakweza matatu, n'kumuuza kondakitala kuti mzee uyu, kunena nkhalambayo, akamutsitse ku Industrial Area.

Kumeneko a Mose analowa m'nyumba yaikulu ya malata, n'kuima pakhomo pakamwa pali yasa. Matumba a feteleza anali atasanjikizana mpaka kudenga, mbali iyi ndi mbali iyo, kuwala kukulowera m'ming'alu ya malata n'kumagwera pa matumbawo. Anaganiza kuti mwina akulota maloto awo aja. Thumba lina linali lotsekula. Analowetsamo dzanja mpaka m'chigongono, timibulu toyera tozizira tikuyenderera pakati pa zala, ndipo misozi inalengeza m'maso atsopano aja. Anatulutsa kaenvulopu konse osatsegula n'komwe. Ogulitsa anawayezera kathumba ka feteleza wobereketsa, kokwanira kunyamula nkhalamba.

Ku Lavington mlonda wa pa lesitilanti ankawadziwa, ndipo anawatsegulira. Dzuwa linali litapendeka pang'ono, kukhitchini kukumveka mbale zokhazokha. A Mose anathyola kamtengo, natola chitsekerero cha botolo, n'kuyamba ntchito imene manja awo ankaidziwa kuposa pemphero. Kubaya pambali pa mbewu, kuthira chitsekerero chimodzi, kukwirira ndi chidendene. Kubaya, kuthira, kukwirira. Ankalankhula nazo mbewuzo motsitsa mawu.

"Idyani, ana inu. Mwini wake ndi wamanyazi, sangapemphe. Idyani."

Kathumba kanatha atatsala ndi mzere umodzi, wa kumpanda kwenikweni, kumene mizu ya minga inkalanda chakudya. Anakakung'untha kathumbako, osagwa kanthu. Anauyang'ana mzerewo mwachisoni.

"Pepani inu. Mudzadya chaka chamawa."

Anapinda kathumbako bwinobwino n'kukaika m'jekete, pakuti thumba satayira kwa eni. Kunyumba anati magalasi owayenera sanapezeke, akagula akafika ku Malawi.

Sabata yomweyo mvula ya masika a kumeneko inayamba, ija imagwa mwakachetechete kuyambira m'mawa. Munda unadzuka. Masamba anabiriwira mpaka kuda, anatambasuka n'kukumana pakati pa mizere, nthaka yofiira ija osaonekanso. Eness ankafika m'mawa n'kungoima, mtima uli myaa. Iye ankati ndi mvula. A Mose ankakhala pa chitsa, chipewa chili pabondo, akumwetulira okha.

Mama Annelies anatulukira tsiku lina atanyamula kapu ya khofi. Anathyola tsamba limodzi, nalipinda, ndipo linathyoka kuti thyo, madzi n'kutuluka.

"Eness, sunathire kanthu muno?"

"Ayi, Mama. Ndi mvulayi."

"Mvula," anatero mayiyo. Anayang'ana mzere wa kumpanda, umene unali wotumbulukabe ngati kale, nayang'ananso Eness, n'kubwerera kukhitchini.

Mvula isanathe a Mose anati akupita. Eness anawachonderera kuti adikire aone zokolola, koma anakana.

"Mlendo ndi mame, mwanawe. Ndiponso mbuzi zanga zandiiwala." Pokwera basi anamugwira dzanja, maso akuwala ngati munthu wobisa chingwa kumbuyo. "Ukadzakolola undiuze. Usadzaiwale, undiuze mmene zaberekera."

Nthawi yokumba itafika, Eness anachita kuitana Fiskani kuti adzaone. Mizu inali yonenepa ngati mkono wa mwana, ina yochita kung'aluka. Ya kumpanda yokha ndiyo inali yowonda, yolimba ngati mtengo, moti anatsala pang'ono kuitaya. Anaiika m'bokosi lakelake chifukwa cha chisoni basi. Yonse inagona m'chipinda chozizira cha lesitilanti kwa masabata angapo, kenako anaisamutsira m'kashedi ka kuseri, kamene anali atakamata ndi mapulasitiki akuda kuti kuwala kusalowe ngakhale pang'ono. Anaiimika m'mabeseni a mchenga wonyowa, mutu m'mwamba, yothithikana.

Juni ndi Julaye ku Nairobi ndi miyezi ya nkhungu. Dzuwa limatha masiku osaoneka, anthu amayenda atakumbatira mapewa awo, ndipo mitengo ya ku Lavington imangooneka theka. Eness ankafika m'mawa, n'kulowa m'kashedi, n'kutseka chitseko. Nyali sankayatsa, chifukwa mphukira ikaona kuwala imabiriwira n'kuwawa. Ankagwira ntchito ndi zala, kupapasa mchenga ngati wauma, kupapasa mitu ya mizu. Poyamba panali timinyanga tating'ono. Kenako timinyangato tinatupa, tosalala, tozizira, ndipo zala zake zinkadziwa kuti lero takula kuposa dzulo.

Akamaliza sankafulumira kutuluka. Ankakhala pa ndowa yovundikira, mu mdima wa masanasana, akumva fungo la mchenga ndi madontho akugwa padenga. Nthawi zina ankakhulupirira kuti akumva mphukirazo zikukula, kaphokoso kakang'ono ngati munthu akutembenuka pamphasa. Ankaganiza za bambo ake, kuti kodi zaka zonse zija ankakhala chonchi, kudziwa dziko ndi zala? Ndipo maganizo ankamutenga. Ankaona kamunda aka katabala munda wina ku Limuru. Ankaona galimoto yaing'ono yoyera, iye ali kutsogolo, mabokosi ali kumbuyo. Kenako ankaona mapiri a kwawo m'nyengo ya chiperoni, kozizira bwino ngati kuno, kashedi kakuda kali kuseri kwa nyumba ya bambo ake, nkhalambayo itavala magalasi ikudula mphukira n'kumadandaula kuti mbewu yanji yosadziwa dzuwa. Ankaseka yekha mu mdimamo. Chifikireni ku Nairobi, aka kanali koyamba kuti akhale chete popanda kusungulumwa.

Mphukira zinafulumira. Phwando lisanayandikire n'komwe zinali zitakwana kale kudula, zikuluzikulu, zina zitayamba kumasuka kunsonga. Za kumpanda zija zinali zazifupi, zothina ngati chibakera, koma anadula zonse tsiku limodzi. Anazikulunga m'mapepala abuluu, nazisanja m'mabokosi, n'kuzilowetsa m'chipinda chozizira. Chikori cholimidwa bwino chimadikira masabata awiri kapena atatu osadandaula, ndiye panalibe choopa.

Mama Annelies anatenga imodzi yaikulu, naiyeza m'dzanja, naifinya pang'ono.

"Ndi zazikulu," anatero.

"Zikomo, Mama."

"Sindinati zikomo. Ndati ndi zazikulu."

Fiskani yekha ndiye anavomera kugonja. "Amayi, mawu anga aja ndipatseni ndidye, mchere ndithira ndekha," anatero atabweretsa nkhuku yokazinga ndi Fanta. Eness anagona masiku amenewo ngati mwana.

Uthenga unabwera phwando litatsala pang'ono, kuti afike ku lesitilanti msanga. Atatsegula chitseko cha chipinda chozizira, fungo ndilo linamulonjera, fungo la kabichi woiwalika m'thumba. Mapepala abuluu aja anali atanyowa n'kuda. Anatsegula limodzi. Mphukira inali itachita dzimbiri m'mphepete mwa masamba, kunsi kwake kuli nande, ndipo ataigwira chala chinangolowa. Anatsegula lina, ndi lina, bokosi ndi bokosi, akuyembekeza kuti mwina lotsatira. Mayo ine! Zonse zinali chimodzimodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mama Annelies anali ataima pakhomo atavala juzi. Anakoka kabokosi kamene kanali pakona, ka mzere wa kumpanda, natulutsa kamphukira kamodzi. Kanali koyera mbee, kolimba ngati kadulidwa m'mawa womwewo. Anakadula pakati ndi mpeni, ndipo kanalira kuti khrr. Anaika zibenthuzo pathebulo pambali pa yoola ija.

"Mbewu imodzi, mvula imodzi, mdima umodzi, kuzizira kumodzi," anatero. "Izi zinadya. Izi sizinadye. Ndikufunsanso, Eness. Unathira chiyani?"

"Mama, ndikulumbira pali Mulungu, sindinathire kanthu."

"Ndinakufunsa masamba ali m'munda. Ukanandiuza tsiku lija, ndikanaitanitsa za pa ndege nthawi ilipo. Lero ndiwauza chiyani anthu amene ndinawalonjeza?" Mawu ake sanakwere, ndipo n'chimene chinapweteka kwambiri. "Wolakwitsa ndimatha kumuphunzitsa. Wobisa sindimutha. Ndipatse kiyi."

Eness anamasula kiyiyo pa chingwe cha m'khosi. Iye mwini, mlangizi wa zaulimi, ankaona ndi maso ake kuti mbewuzo zinadya. Anakwera matatu osadziwa kuti wakwera, ndipo anazindikira atapitirira siteji ya ku Pangani.

Masiku otsatira anabwerera pawindo paja. Anyezi a m'zitini anali atauma kalekale. Fiskani anasiya nthabwala, ankangoyenda monyang'ama m'nyumba ngati muli wodwala. Eness ankawerenga m'mutu mwake anthu onse amene akanatha kulowa m'mundamo, mlonda, ophika, ngakhale Mama Annelies amene, koma palibe amene anali ndi chifukwa. Mtima unkamuwawa osati chifukwa cha mphukira zokha ayi, koma kuti wasanduka wabodza pa chinthu chimene sanachite.

Lamulungu masana foni inalira. Mawu anali akutali, ophatikizana ndi mphepo.

"Eness! Ndine, ndili pa telefoni ya paboma. Mayi wa pano akundiyang'ana ngati ndamubera, ndiye ndilankhule msanga. Mwakolola?"

"Takolola, ababa."

"Eya! Zabereka bwanji?"

Eness asanayankhe, anamva bambo ake akuseka, kuseka kwa munthu amene wasunga chinthu nthawi yaitali ndipo chamukanika kusunga.

"Tsopano ndikuuze. Unkati ndi mvula, eti? Mvula yake iti! Ndine, mwanawe. Tsiku lija unapita ku Mvano. Magalasi aja ali m'munda mwakomo, ndinawathira chitsekerero chitsekerero, phando lililonse. Ndinati mwana wanga asachite manyazi pamaso pa mzungu, ine ndili moyo. Amayi ako ndinalephera kuwathirira, koma iwe ndakuthirira."

Eness anakhala pansi penipeni, pasimenti, foni ili kukhutu. Fiskani, amene ankamva zonse, anagwira pakamwa.

"Halo? Eness? Yaduka kodi?"

"Ndilipo, ababa."

"Ndiye tanena, zinakula?"

Mawu onse anali pakhosi, okonzeka: fungo lija, kiyi uja, miyala imene ikubwera kudzakwirira munda. Anatseka maso, ndipo anawaona bambo ake ataima pa kauntala paboma, atavala jekete lawo lija, atayenda mtunda wonse uja wapansi kudzamva chinthu chimodzi.

"Zinakula, ababa," anatero. "Sindinaonepo zazikulu choncho. Ngakhale mzungu uja ananena yekha kuti ndi zazikulu."

"Hee! Wamva? Mawu a akulu akoma akagonera. Nanga kamzere ka kumpanda kaja? Feteleza anandithera, ndimakamvera chisoni mpaka lero."

"Kameneko kanayesetsa."

"Chaka chamawa ukayambire komweko. Ndipo uzithira kawiri, wamva?"

"Ndamva, ababa. Nanga Baibulo mukuwerenga bwanji opanda magalasi?"

"Aaa, zilembo zikuluzikulu ndimaziona. Zing'onozing'onozo ndinaziloweza kale. Mayi uja akuti nthawi yatha. Upereke moni kwa bambo a kunyumba."

Foni inaduka. Eness analira tsopano, kulira kwenikweni kokhala ndi mawu, ndipo pakati pa kulirako ankasekanso, mpaka Fiskani anasowa chogwira.

"Bwanji sunawauze?" anafunsa pomaliza.

"Inu mukanawauza?"

Fiskani anayang'ana pansi. "Mawa ndikagula magalasi. Lusekero, mnyamata wa ku yunivesite uja, akupita kumudzi mwezi uno, akawasiyira."

M'mawa mwake Eness anapita ku Lavington. Lole inali itatsitsa kale mulu wa miyala pafupi ndi geti la kumunda. Anamupeza Mama Annelies akusenda anyezi kukhitchini, ndipo anaima pakhomo n'kufotokoza zonse, kuyambira chaka cha njala mpaka chitsekerero cha botolo. Sanapemphe kanthu. Anati wangobwera kuti dzina lake lisatsale lili labodza.

Mayiyo anasenda anyezi wina mpaka kumaliza.

"Anagula ndi ndalama za magalasi?"

"Eya."

"Ndipo iwe wawauza kuti zinaola?"

"Ayi."

Mama Annelies anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kunena kuti anyezi a chaka chino ndi aukali. Anatsegula kabati, natulutsa kiyi uja, chingwe chake chili pomwepo, n'kumuika pathebulo.

"Usasangalale. Nthaka imeneyo sindikuikhulupiriranso, yakhuta. Chikori sichilowamo chaka chino, mwina ndi chamawa chomwe. Mzere wa kumpanda wokha ndiwo udakali ndi njala, dzala pamenepo, tione ngati ungandipatse bokosi limodzi labwino. Kwinako udzalemo chinthu chadyera, chidye zimene bambo ako anasiyamo. Uli nacho?"

Eness anaganiza pang'ono. "Ndili nacho," anatero.

Mvula ya Okutobala itayamba, mitengo ya jakaranda inali itathothola maluwa ake m'misewu yonse ya ku Lavington, moti munthu ankayenda pa mtundu wofiirira ngati ali kutulo. Eness anafika ndi chitini cha tiyi m'chikwama. Anadzala chikori kumpanda, kamzere kamodzi kowonda. Kenako anamasula mfundo ya kansanza kaja. Chimanga chinali chilipobe, anankafumbwe sanachipeze. Anabaya ndi khasu, naponya mbewu zitatu, nakwirira ndi chidendene, monga anamuphunzitsira ali wamng'ono, mpaka kansanza kanatsala kopanda kanthu.

Chinamera chonse, chobiriwira mpaka kuda. Ophika ankatuluka kudzachiona, ndipo mlonda anafunsa ngati mzee adzabwere kudzadya chowotcha. Eness anati akawauza. Mulu wa miyala uja unali pomwepo pageti, udzu utayamba kumera m'mbali mwake. Iye anaima pakati pa munda, dzanja likutchinga dzuwa pamphumi, akuyang'ana chimanga cha bambo ake chikudya, mpaka miyendo inamuwawa.